Obama ndi Hillary mu 2008: anakangana mpaka pa khungu, nanga chipani chinalekeranji kugawanika?

Wophunzira wa ku Chirunga:
Akuluakulu, ndithandizeni. Mu 2008 ine ndinali ku pulaimale, Obama ndinamudziwira pa makalendala ndi pa malaya a kaunjika. Sabata ino m'kalasi tinakambako za zisankho zachipulula za chipani cha Democratic chaka chimenecho, ndipo ndadabwa kumva kuti Obama ndi mayi Hillary Clinton anakokanakokana miyezi isanu, mpaka nkhani ya khungu inalowapo. Koma pamapeto pake mayiwo anakhala nduna m'boma la Obama yemweyo. Zinatheka bwanji? Kapena mkanganowo unali wapakamwa chabe?

Aphunzitsi Opuma, Zomba:
Mwanawe, sunali wapakamwa. Koma uyambe wamva mmene amasankhira. Kumeneko sasonkhana mu holo tsiku limodzi n'kuvota ngati pa kovenshoni ya kuno. Amavota chigawo ndi chigawo kuyambira Januwale mpaka Juni, ndipo chimene amalimbirana ndi nthumwi zodzapita ku msonkhano waukulu wa chipani. A Democratic amagawa nthumwi molingana ndi mavoti amene munthu wapeza, ndiye ngakhale wagonja m'chigawo umatolako ndithu. N'chifukwa chake panalibe wogwetsa mnzake msanga. Pamwamba pa izo panali akuluakulu a chipani pafupifupi 800, amene amawatcha superdelegates: maseneta, aphungu, abwanamkubwa a zigawo, atsogoleri akale. Nthawi imeneyo amenewa ankavota mmene mtima wawo wafunira.

Chaka cha 2007 anthu ambiri ankati mpando ndi wa Hillary basi. Ngakhale anthu akuda ambiri anali mbali yake, chifukwa mwamuna wake Bill ankakondedwa kwambiri pakati pawo, ena mpaka ankamutcha pulezidenti woyamba wakuda. Obama anali atangolowa mu Senate mu 2005. Zinatembenuka pa 3 Januwale 2008 ku Iowa, chigawo chimene anthu oposa 90 pa 100 alionse anali azungu. Obama anakhala woyamba, John Edwards wachiwiri, Hillary wachitatu. Anthu akuda amene ankaopa kutaya voti yawo pachabe anaona ndi maso kuti azungu angathe kumuvotera munthuyu, ndipo anayamba kusamuka.

Nachisale, South Bend:
Aphunzitsi anena bwino. Ine ndinalipo, ndipo sindibisa, ndinali wa mayi Clinton. Nthawi imeneyo ndinkagwira shifiti ya usiku pa nyumba ina yosamalira okalamba kuno ku Indiana, ndipo chimene chinkandisowetsa tulo chinali inshuwalansi ya chipatala. Mayiwo nkhondo imeneyi anaiyamba kale mu 1993, ndipo ndondomeko yawo inali yoti munthu aliyense akhale nayo. Komanso ndinene zoona, ndinkafuna kuona mzimayi pa mpando umene uja.

Kuntchito ndinali ndi mnzanga wachikulire, mayi wakuda wa konkuno, makolo ake anachokera ku Mississippi. Tinkadyera limodzi pa buleki ya 2 koloko usiku, ine ndimupatse mandasi, iye andipatse chigumu cha kwawo. Mu Disembala tonse tinali a Clinton. Pofika kumapeto kwa Januwale anabwera atavala baji ya Obama pa yunifomu, n'kundifunsa kuti iwe wochokera ku Africa kwenikweniko, ungamukane bwanji mwana wa Mkenya? Ndinasowa poyambira. Kuchokera tsiku limenelo ankakadyera m'galimoto mwake.

Bambo a Chisomo, Leeds:
Achemwali a Nachisale, pepani ndithu, koma mnzanuyo sanasamuke chifukwa cha Iowa yokha. A Clinton anawapirikitsa okha anthu amenewa ndi pakamwa. Tiyeni tiwerenge. Chisankho cha New Hampshire chisanachitike Hillary ananena kuti maloto a Martin Luther King anayamba kukwaniritsidwa pamene pulezidenti Lyndon Johnson anadutsitsa lamulo la ufulu wa anthu mu 1964, ndipo kuti panafunika pulezidenti kuti zitheke. Anthu amene anamenyedwa ndi zibonga pa mlatho ku Selma anamva bwanji? Sabata yomweyo Bill anatcha zonena za Obama pa nkhondo ya ku Iraq kuti ndi nthano. Kenako pa 26 Januwale, tsiku lovota ku South Carolina, mtolankhani atamufunsa za Obama, Bill anayankha kuti Jesse Jackson, mtsogoleri wakuda amene analimbiranapo upulezidenti, nayenso anapambanako kumeneko mu 1984 ndi mu 1988. Palibe amene anamufunsa za Jackson. Tanthauzo lake aliyense analimva: uyu ndi wa anthu akuda basi, musatekeseke naye. Obama anapeza 55 pa 100, Hillary 27, ndipo mwa anthu akuda khumi alionse pafupifupi asanu ndi atatu anavotera Obama.

James Clyburn, phungu wamkulu wa ku South Carolina amene sanali mbali iliyonse, anachita kunena pa kanema kuti Bill aphweko mtima pang'ono. Patangopita masiku awiri chichitikire chisankho cha ku South Carolina, seneta Ted Kennedy anapereka dzanja kwa Obama. Mu Febuluwale John Lewis, munthu amene anaphwanyidwa mutu ku Selma komweko, anasiya Hillary n'kupita kwa Obama. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo uupeza.

Nachisale, South Bend:
Achimwene, za Jesse Jackson sindikana. Tsiku limenelo manyazi anandigwira, ndipo ndinadziwa kuti mnzanga uja sindingamuyankhe kanthu. Koma za Johnson sindikuvomerezani. Mayiwo ankanena kuti kulankhula bwino pakokha sikusintha lamulo, pamafunika wina wodziwa kukankha zinthu m'nyumba ya malamulo. Bodza lili pati? Anasankha mawu molakwika, inde, koma kuwaveka tsankho ndi kuwalakwira.

Nanga mbali inayi bwanji simuitchula? Ku Salem, New Hampshire, amuna awiri anaimirira pa msonkhano wawo n'kumakuwa kuti atisitire malaya. Pa mtsutso wa pa kanema atafunsidwa chifukwa chake anthu sawakonda, Obama analowererapo mosayang'ana n'komwe, akuti mumakondedwako ndithu Hillary. Amayi tonse tinamva kunyoza m'mawu amenewo. Mawu atawanjenjemera ku Portsmouth mayi wina atawafunsa kuti amapirira bwanji, manyuzipepala anatha masiku akufunsana ngati misoziyo inali yeniyeni. Mlangizi wa Obama, Samantha Power, anawatcha chilombo mpaka anatula pansi udindo. Mawu okhudza khungu akatuluka dziko lonse linkaima, ndipo n'zoyenera. Koma mawu onyoza mzimayi ankangosekedwa.

Bambo a Chisomo, Leeds:
Apo ndamva, ndipo zoti atisitire malayazo ndinali nditaziiwala, zomwe zikungotsimikiza zimene mukunenazo. Komabe Power anachoka tsiku lomwelo mawuwo atatuluka. Geraldine Ferraro, amene anaimapo ngati wachiwiri kwa Walter Mondale mu 1984, ananena mu Malichi kuti Obama akanakhala mzungu sakanafika pamene anafikapo, ndipo ngakhale anachoka mu komiti ya Hillary, sanabweze mawu ake. Tangoganizani, munthu wakuda dzina lake Barack Hussein Obama akuuzidwa kuti ali ndi mwayi chifukwa cha khungu, ku America!

Wophunzira wa ku Chirunga:
Zikomo nonse. Nanga za abusa aja? M'kalasi anangozitchula mongodutsa.

Aphunzitsi Opuma, Zomba:
Imeneyo ndiyo inatsala pang'ono kumugwetsa, ndipo sinachokere kwa Hillary. Jeremiah Wright anali m'busa wa Trinity United Church of Christ ku Chicago, amene anadalitsa ukwati wa Obama ndi Michelle ndi kubatiza ana awo. Mu Malichi mawailesi a kanema anayamba kuonetsa zidutswa za maulaliki ake, m'mene ankatemberera dziko la America chifukwa cha zimene linachitira anthu akuda. Ankazibwereza usana ndi usiku. Obama, amene miyezi yonseyo ankayesetsa kuti asaoneke ngati woimira anthu akuda okha, anaona kuti pothawira palibe.

Pa 18 Malichi analankhula ku Philadelphia. Ndinamvera mawu amenewo pa wailesi, kenako ndinadzawawerenga kawiri. Anadzudzula mawu a abusawo, koma anati sangawakane monga mmene sangakanire agogo ake aakazi achizungu, amene anamulera ndi kumukonda, koma amene anamuululirapo kuti amaopa amuna akuda akakumana nawo pamsewu. Anafotokoza kumene ukali wa anthu akuda achikulire umachokera, n'kufotokozanso kuwawidwa mtima kwa azungu osauka amene mafakitale awo anatsekedwa ndipo saona mwayi uliwonse umene khungu lawo linawapatsa. Ndale zambiri zimene ndaziona zimasankha gulu limodzi n'kuliuza kuti mavuto anu abwera ndi awo. Tsiku limenelo munthu anayesa kuuza magulu onse awiri zoona nthawi imodzi. Abusawo anapitiriza kulankhula mu Epulo, Obama anawakana poyera, ndipo kumapeto kwa Meyi anatuluka mu mpingowo.

Nayenso anapunthwa. Ku San Francisco, polankhula ndi anthu opereka ndalama za kampeni, ananena kuti anthu a m'matauni ang'onoang'ono akawawidwa mtima amakakamira mfuti ndi chipembedzo. Hillary anawagwira mawuwo osawataya, ndipo anapambana ku Pennsylvania pa 22 Epulo, monga anachitira ku Ohio pa 4 Malichi.

Malume a ku Joni:
Ine ndikumva zonsezi koma mtima uli pa zimene zinkachitika kuno nthawi yomweyo. Obama akupambana ku Iowa, kwawo kwa bambo ake kunkayaka moto. Chisankho cha ku Kenya cha pa 27 Disembala 2007, Kibaki ndi Raila, anthu oposa 1,000 anafa, ndipo ambiri anafera mtundu wawo. Bambo ake a Obama anali Mluo wa ku Kogelo. Tinkafunsana kuntchito kuti mwana yemweyu akanakulira ku Kisumu, akanawina?

Ndipo kuno ku Joni tinali titangoona kovenshoni ya chipani cha ANC ku Polokwane, Disembala 2007 yemweyo. Zuma 2,329, Mbeki 1,505. Panalinso kunong'onezana za Mzulu ndi Mxhosa. Opambana sanadikire n'komwe kuti Mbeki amalize nthawi yake, anamuchotsa mu Seputembala 2008. A Lekota ndi a Shilowa anatuluka n'kuyambitsa COPE, ndipo mu 2009 anatenga mipando 30. Chaka chimodzi chomwecho, zipani ziwiri zikuluzikulu, china chinang'ambika, china chinasokedwa. Za ku America za mu Meyi sindinazitsatire bwino, pepani. Mwezi umenewo ku Alexandra kunayamba zopha alendo, ife tinali pa chipwirikiti chosaka pobisala.

Nangozo, Area 25:
Malume, pepani ndi zimene munadutsamo. Koma anzanga, tisawakometse kwambiri anthuwa. Umodzi umenewo unagulidwa. Mayiwo anatsala ndi ngongole ya kampeni yoposa madola 20 miliyoni, Obama anapempha anthu ake kuti athandize kubweza. Kenako anawapatsa unduna waukulu woona za ubale ndi mayiko akunja. Ndi udindo umenewo anabwera kuno ku Lilongwe mu Ogasiti 2012 kudzaonana ndi amayi Joyce Banda, tinaona mdipiti wa magalimoto. Kusiyana kwake n'kotani ndi kuno, pamene wogonja pa kovenshoni amamutseka pakamwa ndi mpando?

Aphunzitsi Opuma, Zomba:
A Nangozo, funso lanu ndi labwino, koma tayang'anani ndondomeko ya masiku. Undunawo unalengezedwa pa 1 Disembala 2008, chisankho chitatha kale. Chimene otsatira a Hillary ankafuna chinali choti akhale wachiwiri kwa pulezidenti, ndipo sanapatsidwe. Obama anatenga Joe Biden pa 23 Ogasiti. Ndiye kuti ntchito yonse yosoka chipani mayiyu anaigwira m'manja muli mbee.

Pa 3 Juni Obama anakwanitsa nthumwi 2,118 zimene zinkafunika. Usiku umenewo Hillary sanavomere kugonja, ndipo anthu anadandaula. Patapita masiku awiri anakumana awiriwiri kunyumba kwa seneta Dianne Feinstein ku Washington, popanda alangizi. Pa 7 Juni Hillary anaimirira ku National Building Museum n'kuuza anthu ake kuti athandize Obama ndi mphamvu zonse zimene anamuthandizira iye. Pamenepo ndi pamene ananena kuti denga la galasi lotchinga amayi kufika pa mpando wa pulezidenti sanaliswe, koma lili ndi ming'alu 18 miliyoni, kutanthauza mavoti ake. Pa 27 Juni anakaonekera limodzi m'katauni kotchedwa Unity ku New Hampshire, kumene pa chisankho chachipulula aliyense anapeza mavoti 107 ndendende.

Za ngongole n'zoona, ndipo Obama mwini analemba cheke cha madola 2,300, malire amene lamulo linkalola. Koma ngongoleyo inatenga zaka kuti ithe. Ngati unali mtengo wogulira munthu, unali wochepa.

Bambo a Chisomo, Leeds:
Aphunzitsi, musadumphe Meyi, chifukwa ndi mwezi umene ine mpaka lero umandipweteka. Masamu anali atatha kale. Obama anapambana zisankho 11 zotsatizana mu Febuluwale, ndipo anzeru zowerenga nthumwi ankadziwa kuti Hillary sangamupezenso. Komabe mayiyo anauza nyuzipepala ya USA Today kuti Obama akutaya chikoka pakati pa anthu olimbikira ntchito, azungu. Ngati kuti anthu akuda salimbikira ntchito. Charles Rangel, phungu wakuda wa ku Harlem amene anali mbali yake, anati mawuwo anali opusa, ndipo mayiyo anavomera pa kanema kuti mwina akunena zoona. Ku West Virginia anapambana ndi 67 pa 100. Kenako pa 23 Meyi, pofotokoza chifukwa chake sakusiya, anakumbutsa anthu kuti Robert Kennedy anaphedwa mwezi wa Juni mu 1968 ali pa mpikisano ngati womwewu. Anapepesa, ndipo ndikhulupirira kuti ankangonena za kutalika kwa mpikisano. Koma Obama anali atapatsidwa asilikali omuteteza kuyambira Meyi 2007, msanga kuposa mmene zimakhalira, ndipo m'nyumba zambiri za anthu akuda mantha anali omwewo, oti amuwombera. Mawu otere sutulutsa.

Nachisale, South Bend:
Sindikutsutsani, achimwene. Ndikuuzeni mmene zinalili mbali yathu.

Pa 6 Meyi ndinavota koyamba m'dziko lino, mapepala a unzika nditangowalandira chaka chapitacho. Ndinavotera mayi Clinton. Usiku ndinali pa shifiti, kanema wa m'chipinda chochezera okalamba tinamutsitsa mawu kuti tisadzutse anthu. Ku North Carolina Obama anali atawina kale ndi mavoti ambiri. Kuno zotsatira za Lake County, kumene kuli mzinda wa Gary, zinachedwa mpaka pakati pa usiku padutsa. Mayiwo anapambana ndi kampata kakang'ono zedi, ndipo ine ndili chiimire ndi thireyi ya mankhwala ndinadziwa kuti zatha. Mnzanga uja anali mbali ina ya chipindacho akupinda matawulo. Palibe anayang'ana mnzake.

Chimene chinatikwiyitsa kwambiri chinali Florida ndi Michigan. Zigawo ziwirizi zinavota msanga mophwanya malamulo a chipani, ndiye zinalandidwa nthumwi. Mayiwo anapambana konseko, ngakhale ndivomere kuti ku Michigan dzina la Obama panalibe pa pepala. Pa 31 Meyi komiti ya malamulo inagamula kuti nthumwi iliyonse ikhale ndi theka la voti. Amayi ambiri anaona ngati akuluakulu asankha kale munthu wawo. Ena anayambitsa gulu lotchedwa PUMA, lokana umodziwo, n'kumalumbira kuti avotera John McCain wa chipani cha Republican. Ine sindinalowe, koma mtima unali komweko. Ndinati Novembala ndikhala kunyumba.

Chinanditembenuza ndi msonkhano waukulu wa chipani ku Denver, pa 26 Ogasiti. Mayiwo anatifunsa ife otsatira awo kuti, kodi munali mu kampeniyi chifukwa cha ine ndekha, kapena chifukwa cha mayi uja wodwala khansa amene akulera ana wopanda inshuwalansi? Funso limenelo linandilasa, chifukwa ine ndinalowamo chifukwa cha inshuwalansi, ndipo pena pake panjira ndinaiwala. Mawa lake, akuwerenga mavoti a nthumwi chigawo ndi chigawo, itafika nthawi ya New York mayiwo anatenga maikolofoni okha n'kupempha kuti kuwerenga kuime, msonkhano wonse ungovomereza Obama ndi mfuu. Sanatume munthu. McCain atasankha Sarah Palin kukhala wachiwiri wake pa 29 Ogasiti ndinaona kuti akuganiza kuti ife tingatsatire mzimayi aliyense, ndipo zinangondilimbitsa.

Malume a ku Joni:
Achemwali, apo pokatenga maikolofoni okha ndi pamene pandikhudza. Ku Polokwane Mbeki anakwera pa nsanja n'kukumbatirana ndi Zuma, koma anthu awo pansi anapitiriza nkhondo, ndipo palibe mwa awiriwo anapita kukawazimitsa.

Aphunzitsi Opuma, Zomba:
Ndipo a Democratic ankadziwa mmene zimathera zikalephereka. Mu 1980 Ted Kennedy yemweyo analimbana ndi pulezidenti Jimmy Carter mpaka ku msonkhano waukulu ku New York. Pa nsanja anangomugwira chanza mozizira, osakweza naye dzanja pamodzi monga mwa mwambo, dziko lonse likuonera. Carter anagonja kwa Reagan. Zifukwa zinalipo zambiri, koma chithunzi chimenecho akuluakulu a chipani sanachiiwale. Mu 2008 wopambana nayenso anachita mbali yake: analola dzina la Hillary liponyedwe pa msonkhanowo kuti nthumwi zake zimve kuti zawerengedwa, anapempha kuti Florida ndi Michigan zibwezeredwe mavoti athunthu, ndipo Bill anapatsidwa nthawi yolankhula. Komanso tisaiwale kuti pa mfundo anthu awiriwa sankasiyana kwenikweni, ndipo mu Seputembala chuma cha America chinagwa, anthu anayamba kuganiza za nyumba ndi ntchito zawo. Pa 4 Novembala Obama anapeza mavoti 365 a Electoral College, gulu la nthumwi za zigawo limene limasankha pulezidenti, McCain 173. Ohio ndi Pennsylvania, kumene ankati azungu a m'mafakitale sangamuvotere, anatenga.

Nangozo, Area 25:
Pa masikuwo mwandigonjetsa, aphunzitsi. Koma West Virginia ndi Kentucky sanatenge, pamene Bill Clinton anapambanako kawiri konse. Ndiye si onse anabwerera. Ndipo mu 2016 mayi omwewo atalimbana ndi Bernie Sanders, kusokako sikunagwire chimodzimodzi.

Bambo a Chisomo, Leeds:
N'zoona a Nangozo. Ine ndimaona kuti zina zimene zinafesedwa mu Meyi uja zinadzamera pambuyo pake, m'manja mwa anthu ena.

Wophunzira wa ku Chirunga:
Ndatola zambiri kuposa za m'kalasi, zikomo. Koma anti a Nachisale, simunamalize. Mnzanu uja munagwirizananso?

Nachisale, South Bend:
Mwana wanga, Novembala ndinavotera Obama, ndipo Indiana inapita kwa a Democratic koyamba chichokere 1964, ndi kampata ka voti imodzi pa 100 alionse. Usiku umenewo tonse tinali pa shifiti. Atalengeza, mnzanga uja anakhala pansi pa kolido, nsana utatsamira khoma, akulira n'kumatchula mayi ake amene anamwalira. Anandiuza kuti mayi akewo anakanizidwa kulembetsa voti ku Mississippi ali mtsikana. Zimenezi anali asanandiuzepo zaka zonse zimene tinadyera limodzi. Ndinakhala naye pansi pomwepo mpaka belu la m'chipinda china linalira.

Tinayambiranso kudyera limodzi. Koma za Januwale uja sitinazikambepo, ndipo funso lake lija, loti ndingamukane bwanji mwana wa Mkenya, sanalibweze, inenso sindinaliyankhe. Anapuma ntchito mu 2014 n'kusamukira kwa mwana wake ku Memphis. Baji ija anandisiyira, ili mu kabati limodzi ndi yanga ya Hillary.